Nkhokwe ya Zithunzi ndi Zikalata za Banja: Zoyenera Kudziwa Musanagule NAS

Zaka 20 zapitazo, chuma cha banja chimene sichikanagulidwanso ndi ndalama chinkakwana mu sutikesi imodzi pansi pa bedi: alubamu ya zithunzi za ukwati, masatifiketi a sukulu, makalata a malo ndi mabuku a kusikelo a ana. Lero zambiri mwa zinthu zimenezi zili m'mafoni, m'malaputopu, m'mafulashi ndi m'ma hard drive onyamula m'manja, amene ambiri timangowatchula kuti external. Zimayamba ndi imodzi. Ikadzaza, bambo amagula ina. Mwana akamapita ku koleji amabwereka yoyamba ija, ndipo pobwerako imakhala itadzaza mafilimu. Pakatha zaka zisanu m'dirowa muli ma hard drive atatu kapena anayi, ndipo palibe amene anganene motsimikiza kuti vidiyo ya chinkhoswe cha mwana woyamba ili pa iti, kapena ngati ilipo n'komwe.

Chifukwa cha chisokonezo chimenechi, mabanja ena ayamba kufunsa za chipangizo chotchedwa NAS, makamaka amene ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku Britain amene angawatumizire. Chipangizochi chimasonkhanitsa mafayilo onse a banja pamalo amodzi, ndipo chimawateteza ngati disiki imodzi yafa. Ntchito ziwiri zimenezi chimazigwira bwino. Koma pali ngozi zina zimene sichingakutetezeni, ndipo pali zinthu za m'nyumba zathu kuno, makamaka magetsi, zimene ogulitsa a kunja sanena n'komwe chifukwa kwawo si vuto. Ndi bwino kuzidziwa ndalama zisanatuluke m'thumba.

N'chifukwa chiyani hard drive imafa?

M'kati mwa hard drive muli timbale tosalala timene timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa timbaleto pamayandama kachitsulo kowerenga ndi kulemba, ndipo mpata wa pakati pake ndi wochepa kwambiri, kuchepa maulendo masauzande kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mwana akakoka chingwe hard drive n'kugwa patebulo ikugwira ntchito, kachitsulo kaja kamakhula mbale. Nthawi zina mumayamba kumva kaphokoso kogogoda, kenako kompyuta siyiionanso.

Ngakhale isagwe, imakalamba. Kampani ya ku America yotchedwa Backblaze, imene imasungira anthu mafayilo pa intaneti, yakhala ikufalitsa ziwerengero za madisiki ake kuyambira mu 2013. Ili ndi madisiki opitirira 200,000, ndipo m'zaka zambiri disiki imodzi kapena awiri pa 100 alionse amafa chaka chilichonse. Kumbukirani kuti madisiki amenewo amakhala m'zipinda zoziziritsidwa, zopanda fumbi, magetsi ake osathima. Yathuyi imayenda m'chikwama pa minibasi, imalowetsedwa m'makompyuta a anthu ena, ndipo imazulidwa mwachangu basi ikamanyamuka. Ikafa, kutulutsa zimene zili m'kati mwake ndi ntchito ya akatswiri ochepa, mtengo wake umaposa wa hard drive yatsopano maulendo angapo, ndiponso sangakulonjezeni kuti zonse zibwerera.

Za fulashi ndi memori khadi ndingonena mwachidule: n'zonyamulira mafayilo, si zosungira. Zimasowa, zimachapidwa m'thumba la thalauza, ndipo pamsika pali zambiri zachinyengo zolembedwa kukula kumene zilibe.

Kodi NAS ndi chiyani?

Zilembozi zikuimira mawu a Chingelezi akuti Network Attached Storage, kutanthauza chosungira mafayilo cholumikizidwa pa netiweki. Ndi kabokosi kosaposa buledi awiri ounjikizana, ndipo m'kati mwake muli kakompyuta kakang'ono ndi malo olowetsamo madisiki, awiri kapena anayi. Kalibe sikirini kapena kiyibodi. Mumakalumikiza ndi chingwe ku rauta ya m'nyumba, ndipo foni kapena kompyuta iliyonse imene ili pa Wi-Fi ya rautayo imatha kuikamo kapena kutengamo mafayilo. Makampani odziwika kwambiri pa mabokosi a panyumba ndi Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan. Palinso Asustor, TerraMaster ndi Ugreen.

Ubwino wake waukulu, m'kuona kwanga, uli pa mafoni. Zithunzi zambiri za banja masiku ano zimajambulidwa pa foni ndipo zimafera pa foni pomwepo, ikabedwa kapena ikagwera m'madzi. Ena amadalira Google, koma Google imapereka magigabaiti 15 okha aulere, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira pa 1 June 2021 inasiya kusunga zithunzi zopanda malire mwaulere. Apple imapereka magigabaiti 5. Ena amati zithunzi zawo zili pa WhatsApp, osadziwa kuti WhatsApp imazifinya n'kuzichepetsa kuwala potumiza. Mukakhala ndi NAS mumaika pulogalamu yake pa foni ya aliyense, ndipo munthu akangolowa m'nyumba foni n'kugwira Wi-Fi, zithunzi za tsikulo zimapita zokha m'bokosi muja. Sipafunika wina wokumbukira.

Funso limene ambiri amafunsa ndi la bandulo. Mafayilo akamayenda kuchoka pa foni kudzera pa rauta kupita pa NAS, amakhala akuyenda m'nyumba momwemo. Sadutsa pa Airtel kapena TNM, choncho sadya bandulo, ndipo zimatheka ngakhale bandulo itatha. Bandulo imadyeka pokhapokha mukamatsegula mafayilo muli kutali ndi nyumba, kapena bokosilo likamakopera mapulogalamu ake atsopano.

Madisiki awiri, koma nyumba imodzi

Mu NAS ya madisiki awiri, njira yofala ndi yotchedwa RAID 1. Chilichonse chimene mwasunga chimalembedwa pa madisiki onse awiri nthawi imodzi. Imodzi ikafa, bokosi limalira ndi kuyatsa kanyali kochenjeza. Mumachotsa yakufayo, mumaika yatsopano, ndipo bokosilo limakoperanso zonse kuchokera pa yamoyo ija. Maganizo amenewa si atsopano. Dzina lakuti RAID linachokera m'nkhani imene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa mu 1988.

Mtengo wa chitetezo chimenechi ndi theka la malo. Mukagula madisiki awiri a 4 TB, malo osungira ndi 4 TB, osati 8. Ndipo mukatsegula mudzaona pafupifupi 3.6 TB, chifukwa opanga madisiki ndi makompyuta amawerenga mosiyana pang'ono. Sanakubereni.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Amaganiza kuti popeza zonse zili pawiri, angathe kufufuta ma hard drive akale aja n'kuwagawa kwa ana. Koma madisiki awiriwo amachita chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukafufuta foda molakwitsa, imafufutika pa onse awiri. Pulogalamu yoipa ikatseka mafayilo anu, imatseka pa onse awiri. Mbala ikalowa usiku imanyamula bokosi lonse, ndipo mphezi ikadutsa m'mawaya imapsereza lonse. Amene anaona matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche kulowa m'Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti chinthu chikhoza kukhala pawiri m'nyumba imodzi n'kutayika chonse pa mphindi zochepa. Mlimi wanzeru saika mbewu yodzabzala m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya.

Palinso ngozi yochokera pa intaneti, ndipo yachitikapo kale kwa anthu ambiri. Mu June 2021, anthu m'maiko osiyanasiyana amene anali ndi chipangizo cha Western Digital chotchedwa My Book Live anadzuka n'kupeza chilibe kanthu. Akuba a pa intaneti anapeza polowera n'kulamula zipangizozo kuti zifufute zonse. Chipangizocho chinali chakale, ndipo pulogalamu yake inakonzedwa komaliza mu 2015. Mu January 2022, pulogalamu yoipa yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo pa mabokosi masauzande a QNAP amene anali otsegukira ku intaneti, ndipo eni ake anauzidwa kulipira 0.03 ya bitcoin, imene pa nthawiyo inali madola opitirira 1,000, kuti awatsegulire. Amene anali ndi kope lina pambali anangokonza bokosi n'kubwezeretsa mafayilo awo. Amene analibe anafunika kusankha pakati pa kulipira mbava ndi kutaya zithunzi za ana awo.

Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo losavuta kukumbukira lotchedwa 3-2-1. Chilichonse chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Pa kuwerenga kumeneku, NAS yonse, ngakhale ili ndi madisiki awiri, ndi kope limodzi. Chotero ma hard drive akale aja ntchito yawo siinathe, yangosintha. Tibwereranso kwa iwo.

Yambani ndi magetsi

NAS inapangidwa kuti izikhala yoyaka usana ndi usiku. Kudya kwake magetsi si koopsa: bokosi la madisiki awiri limagwiritsa ntchito pafupifupi mawati 15 likamagwira ntchito, ndipo limatsika kufika pa 4 kapena 5 madisiki akagona. Ngakhale litagwira ntchito mosalekeza mwezi wonse, ndi mayunitsi pafupifupi 11. Vuto ndi kuthima.

Magetsi akathima mwadzidzidzi disiki ili pakati polemba, fayilo imene imalembedwayo ikhoza kuwonongeka, ndipo nthawi zina chimawonongeka ndi kaundula amene amasonyeza pamene fayilo iliyonse ili. Magetsi akabwera, bokosi limatha maola ambiri likuyerekezera madisiki awiri aja kuti lione ngati akugwirizana. Akathimanso lisanamalize, ngozi imakula. Kamodzi pa chaka si nkhani. Koma tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022: dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa maola ambiri tsiku lililonse kunapitirira mpaka mu 2023. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, choncho zinyalala, matope kapena kuchepa kwa madzi zimakhudza nyumba iliyonse.

Chifukwa chake ndinganene mosapita m'mbali kuti kuno NAS yopanda UPS musagule. UPS ndi kabokosi kokhala ndi batire kamene kamalowa m'malo magetsi akangothima. Sankhani yokhala ndi polowetsa chingwe cha USB, ndipo onani pa mndandanda wa kampani ya NAS yanu ngati mtunduwo umagwirizana nayo. Chingwe chimenecho n'chimene chimauza NAS kuti magetsi apita, ndipo NAS imamaliza zimene imalemba n'kudzitseka mwadongosolo batire lisanathe. Cholinga si choti muzioonera mafilimu mumdima, choncho UPS yaing'ono ndi yokwanira. Lumikizaninso rauta pomwepo. Batire la UPS limafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka kumalo otentha, ndipo silichenjeza nthawi zonse. Liyeseni miyezi ingapo iliyonse pozimitsa switchi ya pakhoma n'kuona ngati bokosi likudzitseka bwino.

Amene muli ndi sola ndi inveta muli pabwino, bola batire lanu lizifika m'mawa. Ngati limatha pakati pa usiku, gwiritsani ntchito ndandanda imene ili mu NAS: mukhoza kuiuza kuti izizima yokha 9 koloko usiku n'kuyaka 6 koloko m'mawa. Palibe lamulo loti iziyaka maola 24. Ndipo nyengo ya mvula, mabingu akayandikira, zimitsani ndi kuzula zingwe zonse, chamagetsi ndi cha netiweki chomwe. UPS imathandiza magetsi akamasinthasintha mphamvu, koma mphezi yogwa pafupi siingailetse.

Malo oikapo nawo ndi ofunika. Mabokosi ambiri analembedwa kuti azigwira ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Chikwawa, Nsanje kapena Salima m'mwezi wa October malire amenewo safika patali. Ikani bokosi pamalo okwera, opita mphepo, kutali ndi zenera ndi khitchini. Amayi athu amakonda kuphimba wailesi ndi TV ndi kansalu koluka kuti zisachite fumbi. Pa NAS kansaluko musaike, chifukwa kamatseka mpweya. Fumbi lipukuteni mwezi ndi mwezi, ndipo yang'anirani nyerere ndi mphemvu, zimene zimakonda malo ofunda. Kuchipinda chogona musaikenso. Madisiki amang'ung'udza ndi kugogoda pang'ono usiku wonse, tinyali take timaphethira, ndipo tulo n'tofunika kuposa bokosilo.

Yang'anani kumbuyo kwa rauta yanu

Mabokosi ambiri a NAS alibe Wi-Fi yawoyawo, amafuna chingwe. Ngati intaneti ya kwanu ndi ya ka MiFi ka m'thumba kapena ya pa foni, palibe polowetsa chingwecho, ndipo mudzafunika kugula rauta yokhala ndi mabowo a netiweki. Ngati muli nayo kale, werengani liwiro la mabowowo. Olembedwa Gigabit kapena 1000 amanyamula pafupifupi mamegabaiti 110 pa sekondi, kutanthauza kuti 1 TB ingasamuke m'maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Olembedwa 10/100, amene ali pa marauta ambiri otsika mtengo, amachedwa maulendo 10: ntchito yomweyo imatenga tsiku lathunthu ndi usiku wake. Pa zithunzi za tsiku ndi tsiku kuchedwako simungakuone, koma pa mavidiyo akuluakulu mudzakuona.

Kusankha bokosi ndi madisiki

Musanayang'ane mitengo, werengani zimene muli nazo. Tsegulani hard drive iliyonse n'kulekanitsa zinthu m'magulu awiri: zimene zikatayika simungazipezenso, ndi zimene mungazipezenso. Mafilimu ndi nyimbo zimene munakaikitsa kwa anyamata obena pamsika zili m'gulu lachiwiri, ndipo kawirikawiri n'zimene zimadzaza malo. Chithunzi cha pa foni chimakhala cha mamegabaiti 3 mpaka 5, kotero 1 TB imasunga zithunzi zoposa 200,000. Chimene chimadya malo ndi vidiyo: ola limodzi lojambulidwa pa foni limatha magigabaiti 4 mpaka 8, ndipo la 4K limaposa pamenepo kwambiri. Mukapeza kukula kwa gulu loyamba, chulukitsani kawiri kapena katatu kuti mukhale ndi malo a zaka zikubwerazi. Kwa mabanja ambiri madisiki awiri a 4 TB ndi okwanira ndi kutsalako.

Bokosi la disiki imodzi n'lotsika mtengo, koma lataya chifukwa chimodzi chachikulu chogulira NAS. La madisiki anayi n'labwino kwa amene amajambula maukwati kapena kukonza mavidiyo ngati bizinesi. Kwa banja wamba, la awiri ndilo loyenera. Dziwani kuti mabokosi ambiri amagulitsidwa opanda madisiki. Synology DS224+, mwachitsanzo, itatuluka mu 2023 inkagulidwa pafupifupi madola 300 ku America ili yopanda kanthu m'kati, ndipo DS223j, yocheperako mphamvu, inali pansi pa madola 200. Pamenepo onjezerani madisiki awiri, UPS, ndalama yotumizira ndi msonkho wa pa malire. Mmene kwacha yagwera chiyambire November 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndalama yonseyo ikhoza kufanana ndi fizi ya mwana. Nkhani yotere ndi yokambirana bambo ndi mayi, osati yongodzidzimutsana katundu atafika.

Pa madisiki pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Pali njira ziwiri zolembera pa mbale, CMR ndi SMR. Ya SMR imasanjikiza mizere ngati malata a padenga kuti pakwane zambiri, ndipo imachedwa kwambiri ikamalemba zinthu zochuluka nthawi imodzi, monga pamene bokosi likukopera zonse pa disiki yatsopano inzake itafa. Imeneyo ndiyo nthawi imene simufuna kuchedwa kulikonse, chifukwa mafayilo anu onse amakhala atatsamira pa disiki imodzi yokalamba. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red, a 2 TB mpaka 6 TB, anali a SMR ngakhale ankagulitsidwa kuti ndi a NAS. Anthu atadandaula, Western Digital inayamba kulemba WD Red Plus pa madisiki a CMR. Choncho funani WD Red Plus, Seagate IronWolf kapena Toshiba N300. Musanalipire, onaninso pa mndandanda wa kampani ya bokosi ngati disikiyo ndi yovomerezeka. Mu 2025 Synology inayesa kukakamiza ogula mabokosi ake ena atsopano kuti azigwiritsa ntchito madisiki a dzina lake, kenako inafewetsa lamulolo chaka chomwecho. Malamulo otere amasintha, ndipo disiki yobwera pa ndege kuibweza n'kovuta.

Madisiki a kaunjika apeweni. Disiki iliyonse imasunga yokha chiwerengero cha maola amene yagwira ntchito, ndipo NAS imakusonyezani pa tsamba la zaumoyo wa disiki. Ngati mwagulitsidwa "yatsopano" koma ikusonyeza maola 20,000, yagwira kale ntchito zaka zoposa ziwiri usana ndi usiku.

Ngati m'nyumba muli wachinyamata wokonda makompyuta, pali njira ina: kompyuta yakale ikhoza kusanduka NAS poikamo pulogalamu yaulere monga TrueNAS kapena OpenMediaVault. Zimagwira ntchito, koma kompyuta yakale imadya magetsi ambiri kuposa kabokosi kaja, ndipo muyenera kudzifunsa kuti mnyamatayo akapita ku yunivesite kapena kukagwira ntchito kutali, adzakonze ndani.

Mwina simukuifuna n'komwe

Ngati zinthu zanu zosapezekanso sizikufika 1 TB, m'nyumba muli laputopu imodzi, ndipo magetsi kwanu ndi a mwa apo ndi apo, NAS ingakhale katundu wolemera kuposa phindu lake. Ma hard drive awiri abwino angakuchitireni zambiri. Ikani zonse pa yoyamba, koperani pa yachiwiri, yachiwiriyo kaisiyeni kwa m'bale wodalirika wa dera lina, ndipo muzizisinthanitsa mwezi uliwonse. Zikalata zofunika kwambiri, zimene sizidya malo, ikaninso pa Google Drive. Njira imeneyi imateteza ku moto, madzi ndi akuba kuposa NAS yokhala yokha. Kufooka kwake n'kwakuti imadalira munthu wokumbukira, ndipo ife anthu timayamba ndi changu mu January, pofika April taiwala. NAS imaposa pa mfundo imeneyo: imagwira yokha. Ngati m'nyumba muli mafoni anayi kapena asanu, makompyuta awiri, ana a sukulu amene ali ndi ntchito zawo, kapena bizinesi yaing'ono, pamenepo ndalama yake imamveka.

Ndani ali ndi kiyi?

Bokosi limodzi losunga zonse limabweretsa funso la chinsinsi. Zotsatira za kuchipatala, zithunzi za X-ray, masamba a buku la kuchipatala amene mwajambula kuti asatayike, makalata a ngongole ndi a malo, si zinthu zoti mwana wa zaka 12 kapena mlendo amene mwamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi azizipeza. Pangani akaunti ya munthu aliyense, foda imodzi ya banja lonse, ndi foda ina yotsegula makolo okha. Akaunti yobwera ndi bokosi, yotchedwa admin, itsekeni n'kupanga ina ya dzina lina, chifukwa akuba a pa intaneti amayamba kuyesa imeneyo. Lolani bokosi kuti lizilandira mapulogalamu atsopano ngakhale zikudya bandulo pang'ono. Ngati simukufunikira kutsegula mafayilo muli kutali, njira imeneyo musaitsegule; ambiri mwa amene anavutika mu 2021 ndi 2022 anali ndi zipangizo zoonekera pa intaneti. Yatsaninso bini yosunga zofufutidwa, ndipo ngati bokosi lanu lili ndi chotchedwa snapshot, chimene chimakumbukira mmene foda inalili dzulo kapena sabata yatha, chigwiritseni ntchito.

Ndiye pali nkhani imene sitikonda kuikamba. M'mabanja ambiri munthu mmodzi yekha ndiye amadziwa mapasiwedi. Akadwala mwakayakaya kapena akamwalira, mayi ndi ana amatsala ndi bokosi limene lili ndi makalata a nyumba ndi zithunzi zonse za malemu, koma sangathe kulitsegula, pa nthawi imene achibale ena ayamba kale kufunsa za katundu. Lembani dzina la akaunti, pasiwedi ndi malangizo achidule papepala, ikani mu envulopu pamodzi ndi zikalata zenizeni za malo, ndipo mwamuna ndi mkazi onse adziwe pamene ili. Khalani pansi tsiku lina kuti amene sanazolowere atsegule yekha, wina akungoyang'ana. Zikalata zenizeni za papepala zisungenibe. Chithunzi cha kalata ya malo chimathandiza pofufuza, koma sichilowa m'malo mwa kalatayo.

Tsiku losamuka

Bokosi likafika, musathamange. Ikani madisiki, lolani kuti liwayese mokwanira ngakhale zitenge tsiku, ndipo yesani UPS musanaikemo fayilo ngakhale imodzi. Kenako lumikizani ma hard drive akale, imodzi imodzi, pa bowo la USB la bokosilo, kuyambira ndi imene mukuikayikira kwambiri kapena yakale kwambiri. Koperani, osasuntha, kuti zoyambirira zitsale pomwe zili. Hard drive iliyonse ipatseni foda yakeyake poyamba. Kusanja ndi kuchotsa zobwerezabwereza mudzachita pambuyo, modekha. Posanja, mafoda oyamba ndi chaka, monga "2019 Ukwati wa achemwali", amapezeka msanga kuposa "New folder" khumi ndi awiri. Mukamaliza yerekezerani chiwerengero cha mafayilo mbali zonse, ndipo tsegulani zithunzi ndi mavidiyo angapo m'foda iliyonse kuti muone ngati akuseweradi.

Pakatha mwezi zonse zikuyenda bwino, sankhani ma hard drive awiri athanzi pa akale aja. Muzilumikiza imodzi pa NAS kuti ikopere gulu la zinthu zosapezekanso, kenako muizule n'kupita nayo kwina: kuntchito m'dirowa yokhoma, kapena kwa achimwene a dera lina, osati nyumba yoyandikana nayo imene madzi kapena moto zingafikenso. Ngati muli zikalata zachinsinsi, sankhani kuti kopelo likhale lotseka ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo ilowenso mu envulopu ija. Mwezi wotsatira tengani inayo, koperani, kasinthanitseni. Lembani deti pa kapepala komata pamwamba pake nthawi iliyonse. Kawiri pa chaka, tengani imene yachokera kwa achimwene, ilumikizeni pa laputopu NAS ili yozima, ndipo yesani kubwezeretsa foda imodzi ndi kutsegula zimene zili m'kati mwake.